Matabwa aawisi a ku Chesterfield

Ana anga, makamaka inu amene mwagwira sowo ndi chipande cha omanga, imvani za tchalitchi china cha ku England.

M'tauni ya Chesterfield, m'dera la Derbyshire, muli tchalitchi cha St Mary and All Saints. Nsanja yake inamangidwa cha m'ma 1360, ndipo ndi yaitali mamita pafupifupi 70. Koma nsonga yake ndi yopotoka ngati chingwe chamaluzi, ndiponso inapendekeka mamita pafupifupi 3. Eni tauniyo ali ndi nthano yoti Satana anakulunga mchira wake pansanjapo. Imeneyo ndi yocheza nayo madzulo. Odziwa zomanga amaloza kwina: mkati anaikamo matabwa osauma, mitanda yopingasa yogwiriziza inachepa, kenaka pamwamba anafolera ndi mtovu wolemera matani oposa 30. Dzuwa likawomba, mtovu wa mbali ya kummwera umafutukuka kuposa wa kumpoto, ndiye chaka ndi chaka nsonga ija inkapotokera pang'onopang'ono. Ena amati mliri wa mu 1349 unali utapulula amisiri odziwa ntchito, n'kutsala ophunzira.

Lero alendo amakhamukira komweko kukajambula, ndipo timu ya mpira ya m'tauniyo amaitcha Spireites chifukwa cha nsanjayi. Musanyengeke nazo zimenezo. Iwo anachita mwayi kuti sinagwe. Denga la mayi wamasiye likapindika chifukwa munakhoma matabwa aawisi, palibe adzabwere ndi kamera. Adzabwera ndi mwini wake, misozi ili m'maso.

Ku London nako kuli phunziro. Big Ben si nsanja ayi, ndi belu lolemera matani oposa 13 limene lili m'nsanja ya Elizabeth Tower. Linang'aluka mu 1859, patangopita miyezi yochepa liyambireni kulira, ndipo nyundo yolimenyera inali yolemera mopitirira. Linakhala chete zaka 4. Pamapeto pake analitembenuza pang'ono kuti nyundo izimenya pena, n'kuikapo yopepukirapo. Mng'alu uja ulipobe.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi oyang'anira wotchi ya pansanjapo. Ikayamba kutsalira kapena kuthamanga, saiphwasula. Amaika kapena kuchotsa kandalama kakale kachitsulo pachitsulo cholendewera chimene chimayendetsa wotchiyo. Kandalama kamodzi kamasintha nthawi ndi gawo losakwana theka la sekondi patsiku. Munthu amakwera masitepe ambirimbiri kukaona kanthu kakang'ono chotero! Ameneyo ndiye mmisiri.

Ndikudziwa, bwana amafuna nyumba ithe mvula isanagwe, inunso m'thumba mwauma. Koma kuthamanga si kufika. Gogodani thabwa, mverani kulira kwake, linyamuleni mumve kulemera. Likakhala laliwisi, muuzeni mwini nyumba mwaulemu kuti adikire, ndipo akakana, musiyireni ntchito yake.