Mafuta a Pansi Pathu Ndi a Yani?

Amalume anga ndi msodzi wa usipa kufupi ndi Metangula. Ali ndi boti la injini ndi cilimira, ndipo usiku wa mdima amafuna gasolina kuti akafike kumene kuli nsomba. M'caka ca 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itakweza mtengo wa mafuta, ndinawapeza atangokhala pamcenga, injini ataifunditsa thumba. Usipa wa usiku umodzi sunali kubwezanso ndalama ya mafuta. Anandifunsa kuti, "Iwe mwana wa mlongo wanga, paja unapita kusukulu, tandiuza. Anthu akumenyana kumene ine sindinapondeko, koma ogona ndi njala ndi ana anga kuno. Bwanji osakumba athu?"

Funsoli sindinathe kuliseka. Gasolina amene amalume amathira mu injini amabwera pa sitima kucokera kunja, natsitsidwa pa madoko monga Matola, Beira ndi Nacala, ndipo dziko limamulipira ndi madola. Akafika ku Lichinga n'kutsetsereka mapiri mpaka kunyanja, aliyense amene wamunyamula waikapo kale pake. Tonse tikukumbukira zimene zinacitika ku Maputo m'caka ca 2008 pamene mtengo wa chapa unakwera. Munthu wopala moto kwa mnansi tsiku ndi tsiku sangakangane naye mnansiyo, ngakhale atamulakwira cotani. Kufuna moto wa pakhomo pako si umbombo ayi, ndi ulemu umene munthu aliyense amaufuna, ndipo dziko nalonso liyenera kuufuna.

Cimene cinandivuta ndi liwu limodzi m'funso lao: "athu". Kodi cinthu cimakhala cathu cifukwa cacokera pansi pa dziko lathu?

Ndinakhalako ku Tete zaka zingapo, ndipo kumeneko funsoli silifuna buku. Damu la Cahora Bassa lili pa Zambezi wathu, ndipo kuyambira 2007 ulamuliro wake uli m'manja mwa dziko lino. Komabe magetsi ake ambiri amayenda pa mawaya mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa. Ndinaona ndi maso anga midzi imene mawayawo amadutsa pamwamba pake, anthu akudya nsima ndi kuwala kwa nyali ya parafini. Gasi wa ku Pande ndi Temane, m'cigawo ca Inhambane, anayamba kuyenda m'caka ca 2004 mu paipi ya makilomita 865 yopita ku Secunda. Ndinene cilungamo: wina amatsala kuno napanga magetsi ku Ressano Garcia. Koma paipiyo sanaimangire ife. Gasi woculuka wa ku Rovuma anapezeka mu 2010, ndipo sitima yoyamba itanyamula wa ku Coral Sul mu 2022, inalunjika ku Ulaya.

Pa mafuta eniake pali vuto linanso. Ocokera pansi sangathiridwe mu injini asanayengedwe, ndipo fakitale yoyengera ya ku Matola inatsekedwa kalekale. Angola amakumba mafuta oculuka kwambiri, koma kwa zaka zambiri wakhala akugula kunja gawo lalikulu la gasolina ndi dizilo amene magalimoto a ku Luanda amayendera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo. Mafuta a pansi pa nthaka sanafike ngakhale pacala. Wobwera ndi makina, ndi ndalama, ndi msika, ndiye amanena kumene adzapite.

Sindikunena kuti kugulitsa kunja ndi kulakwa. Mlimi wa fodya wa ku Angónia sasuta yense amene walima, ndipo palibe amamudzudzula. Dziko likhoza kukumba, kugulitsa, n'kumanga zipatala ndi ndalamazo. Colakwa ndi kupempha cinthu ndi dzina lina. Ukauza munthu kuti "coka pamunda pako kuti mtundu wathu uleke kupempha moto," wamugwira pamtima, ndipo amacita manyazi kukana, poopa kuoneka wodana ndi dziko lake. Ukamuuza zoona kuti "coka pamunda pako kuti tigulitse zimene zili pansi pake," munthuyo amakhala pansi n'kuyamba kufunsa mtengo, monga ayenera. Pangano loyambalo limamulanda ngakhale ufulu wotsatsa.

Kusukulu tinaphunzira kuwerengera motere: ngati anthu mamiliyoni apindula ndipo mabanja mazana ocepa ataya, ndiye kuti zili bwino. Kuwerengera kumeneku ndimakukayikira, osati cifukwa masamu ake ndi olakwika, koma cifukwa wogwira colembera sakhala m'gulu la otayawo. Mabanja amene anasamutsidwa ku Moatize kupita ku Cateme cifukwa ca malasha anakatseka njanji mu 2012, podandaula za nyumba ndi minda imene anapatsidwa. Anthu a ku Afungi, kufupi ndi Palma, anasamutsidwira ku Quitunda kuti nchito ya gasi ipeze malo. Mwina papepala phindu linaposa kutaya. Koma munda sumangobala cimanga. Pali manda a agogo, pali mtengo wa mango umene mwana aliyense wa pabanjapo anakwerapo, ndipo sindidziwa kuti zimenezi amazilemba pa mzere uti.

Zonsezi ndinawafotokozera amalume pang'onopang'ono, iwo akungogwedeza mutu. Kenako ndinawakumbutsa kuti nkhani ya mafuta inafikapo kale pa nyanja yathu yomwe. Mu 2011 Malawi anapereka cilolezo cofufuza mafuta m'nyanjamo, ndipo mkangano wakale wa malire ndi Tanzania unabuka mwatsopano, mpaka Joaquim Chissano anatsogolera ofuna kuwayanjanitsa. Caka comweco boma lathu linalengeza kuti mbali yathu ya nyanja ndi malo otetezedwa. Koma madzi sadziwa malire. Nyanjayi ili ndi mtsinje umodzi wokha wotulukamo, Shire, motero cimene catayikiramo sicicoka msanga, ndipo mwera ukhoza kucikankhira pa gombe lililonse.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga amalume, atati mafuta amene mukufunawo ali pansi pa malo amene mumaponya cilimira, mungalole?"

Anayankha mosacedwa: "Ayi! Akakumbe kwina. Dziko ndi lalikulu."

Tonse tinaseka, koma kuseka kwanga kunathera panjira, pakuti yankho limenelo ndi langanso. Ndimafuna chapa yochipa ndi magetsi osazima, ndipo mumtima ndimafuna kuti dzenje lake likumbidwe kutali, kwa anthu amene sindidziwa maina ao. Pamene tikudandaula kuti akunja amatenga zathu n'kutisiyira fumbi, ifenso tili okonzeka kucita cimodzimodzi kwa m'bale wathu wa cigawo cina, malinga ngati sitimuona. Ndikuganiza kuti munthu ali ndi ufulu wonena kuti "tikumbe" pokhapokha ngati angavomere kuti amene adzasamukeyo akhale ndi mphamvu yokana, ndipo kukana kwake kuimitsedi makina. Mphamvu imeneyo ndi yodula. Mwina mafuta ena adzatsala pansi cifukwa ca iyo, ndipo amalume adzapitiriza kugula gasolina wa madola.

Atakhala cete kanthawi, amalume anandifunsa ngati ku Palma kulinso asodzi. Ndinati alipo ambiri, kungoti madzi ao ndi amcere ndipo nsomba zao si usipa. Anafunsanso ngati amene anasamutsidwawo anawapatsa malo a m'mbali mwa madzi, kapena amayenda mtunda kuti akafike pa mabwato ao. Ndisanayankhe, anakoka cilimira naciyala pamiyendo, nayamba kufunafuna pamene panang'ambika.