Mlandu suola, amene amaola ndi munthu

Ana anga, zotsatira za MSCE zikangotuluka pakhomo panga sipasowa alendo. Amabwera anyamata ndi atsikana, mapepala ali m'manja, ndipo funso lawo limakhala limodzi: "Agogo, za malamulo ku Zomba sananditenge. Kodi ndingochita za paralegal?" Mawu akuti "ndingochita" amenewa amandilasa mumtima, chifukwa ndinakalambira m'ntchito imeneyi ndipo ndikuidziwa kulemera kwake. Tsono khalani pansi ndikuuzeni za sukulu yake, za chilolezo, za komwe mungakagwire, komanso za misampha imene ili m'njiramo.

Kumudzi kwanu mwana akatentha thupi usiku, amayi ake sathamangira ku Queens kukafuna dokotala wamkulu. Amapita pachipatala chaching'ono chapafupi, ndipo amene amamupeza pamenepo amadziwa malungo, amapereka mankhwala, komanso amadziwa matenda ofunika kutumiza kuchipatala chachikulu msanga. Paralegal ali chimodzimodzi pa nkhani za malamulo. Si loya, ndipo sayenera kudzitcha loya ngakhale tsiku limodzi. Ndi munthu wophunzira malamulo mokwanira kuti amuuze mnzake zimene lamulo likunena, amulembere kalata kapena dandaulo, amulondolere khomo loyenera kugogoda, ndipo nkhani ikamukulira aipereke kwa loya. Maloya m'dziko muno ngochepa, ndipo ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Mlimi wa ku Nthalire kapena msodzi wa ku Makanjira akamangidwa, munthu woyamba wodziwa malamulo amene angamufikire kawirikawiri amakhala paralegal.

Ntchitoyi ili ndi mbiri imene muyenera kuinyadira. M'chaka cha 2000, mabungwe anayi omwe si aboma, mothandizidwa ndi Penal Reform International, anatumiza maparalegal asanu ndi atatu okha kundende zikuluzikulu za Zomba, Chichiri, Maula ndi Mzuzu. Ntchito imeneyo ndiyo inakula n'kukhala bungwe la Paralegal Advisory Service Institute, lomwe ambiri amangoliti PASI, mu 2007. Mu 2004 nthumwi za maiko ambiri a mu Africa zinakumana ku Lilongwe n'kugwirizana kuti thandizo la zamalamulo kwa anthu osauka silingadalire maloya okha, ndipo mgwirizanowo umadziwika ndi dzina la mzinda wathu mpaka lero. Maiko monga Kenya, Uganda ndi Bangladesh anadzaphunzira njira imene inayambira m'ndende zathu. Mu 2012 bungwe la United Nations linavomereza mfundo zake za thandizo la zamalamulo pa milandu yaupandu, ndipo maparalegal anatchulidwamo.

Akuluakulu amati mlandu suola. Amanena zoona, koma ine ndinaona kuti pamene mlandu ukudikira, munthu amakhala akuola. Tsiku lina ndinapeza bambo wina pa rimandi, womuganizira kuti anaba mbuzi. Dzinja lonse linamudutsa ali mkati, munda wake unagonera, ana anasiya sukulu. Nditamufunsa za belo anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo chachilendo. Palibe amene anamuuzapo kuti akhoza kupempha yekha, ndi pakamwa pake, popanda loya. Ndinafufuza kumene fayilo yake inagona, ndinapeza mbale wake woti amuimire ngati mboni ya belo, ndinamuphunzitsa mawu oti akanene pamaso pa majisitireti. Sindinalankhulepo kanthu m'khoti. Analankhula yekha, mawu akunjenjemera, ndipo madzulo ake anagona kwawo. Zimene ndinachita pa nkhani ya bambo uja ndi zimene paralegal amachita pa ntchito yake yonse.

Choncho chinthu choyamba kuchisunga pamtima ndi gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko a 1994. Limanena kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva, kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndiponso kuti akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Dziwani kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Dziwani kuti kuchokera mu 2010 malamulo a kazengedwe ka milandu anaika malire a masiku amene munthu angasungidwe mlandu usanayambe: 30 pa milandu ya kwa majisitireti, 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha, pokhapokha khoti litaonjezera. Dziwani lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, limene limalola kuti mwana wolakwa pang'ono asapite kukhoti koma akonzedwe mwa njira zina. Dziwani lamulo la chuma chamasiye la 2011, limene linati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Dziwani kuti mu 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa malonda wa ku Blantyre, Khoti Lalikulu linathetsa gawo lina la lamulo la vakabu limene apolisi ankagwirira anthu oyenda usiku. Zimenezi muzizidziwa ngati njira ya kudimba kwanu, chifukwa mudzazifuna muli chiimire pakhomo la chitokosi, buku lili kutali.

Kunena za sukulu, yambani ndi MSCE yabwino, makamaka Chingerezi, pakuti malamulo athu, mafayilo ndi zigamulo zimalembedwa m'Chingerezi. Koma musataye Chichewa chanu, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena. Luso lenileni la paralegal ndi kutenga mawu ouma a m'buku n'kuwafewetsa kuti gogo wosadziwa kulemba amve n'kugwedeza mutu. Maphunziro ake amayamba ndi satifiketi n'kufika pa dipuloma. Sukulu ya boma ya Staff Development Institute ku Mpemba yakhala ikuphunzitsa za malamulo kwa zaka zambiri, ndipo amajisitireti ambiri a m'maboma anadutsa kumeneko. Zilipo sukulu zinanso za boma ndi zomwe si za boma. Musanalipire fizi, funsani ku National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndi maphunzirowo nzovomerezeka. Safunsa anadya phula. Ndaona makolo akugulitsa ng'ombe kulipirira pepala limene olemba ntchito analikana.

Mukakhala m'kalasi, musathamangire malamulo a milandu yaupandu okha chifukwa ndi amene amamveka pawailesi. Anthu ambiri amene adzakupezeni adzabwera ndi nkhani za malo, za banja, za chisamaliro cha ana bambo atathawa, za kuchotsedwa ntchito popanda malipiro, za ngongole ya katapila. Phunzirani kulemba sitetimenti yomveka, tsiku ndi tsiku lake, dzina ndi dzina lake. Phunzirani kusunga fayilo, ndi kugwiritsa ntchito kompyuta. Ndipo tchuthi chikafika, pitani mukakhale kumbuyo m'khoti la majisitireti, pakuti khomo lake ndi lotsekukira aliyense pa milandu yambiri. Mwezi umodzi pa benchi imeneyo udzakuphunzitsani zimene mabuku sanena.

Tsopano za chilolezo, ndipo apa tcherani khutu. Laisensi yoimira anthu pa milandu ndi ya maloya. Munthu amayamba watenga digiri ya zamalamulo, n'kukwaniritsa zimene lamulo la maphunziro ndi ntchito ya maloya limafuna, kuphatikizapo maphunziro ndi mayeso a ku Malawi Institute of Legal Education kwa amene lamulo lawalamula kutero. Kenako amalandiridwa pamaso pa mkulu wa oweruza milandu onse, ndipo chaka ndi chaka amakonzanso laisensi yake ali membala wa Malawi Law Society. Dipuloma yanu sikupatsani zimenezo. Kutsekula ofesi n'kumalandira ndalama ngati loya ndi mlandu, ndipo mungapezeke muli mkati mwa ndende imene munkafuna kutulutsamo ena. Mphamvu ya paralegal imachokera ku bungwe limene lamulemba ndi kwa loya amene akumuyang'anira. Ngakhale kulowa m'ndende kapena kupolisi kumatheka chifukwa cha mgwirizano wa bungwe lanu ndi akuluakulu a kumeneko, ndipo khomo limenelo lingatsekeke chifukwa cha khalidwe la munthu mmodzi.

Nkhani ya malire a ntchitoyi sinathe kukambidwa. Mu 2021 Legal Aid Bureau inapempha kuti lamulo lisinthidwe kuti maparalegal ake aziimira anthu pa milandu ing'onoing'ono kwa majisitireti, ndipo bungwe la maloya linatsutsa. Mbali zonse zinali ndi mfundo: ena ankaona unyinji wa osauka opanda owaimira, ena ankaopa kuti wosauka angapatsidwe thandizo losakwanira. Anansi athu a ku Zambia, m'lamulo lawo la 2021, anawazindikira maparalegal mwalamulo, ndipo maphunziro awo ali m'magawo atatu. Zoterezi muzizitsatira, muzilankhulapo mwaulemu, koma tsiku lililonse muzigwira ntchito motsata lamulo mmene lilili tsikulo.

Ntchito mungaipeze kuti? Ku Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2015. Ku PASI, ku CHREAA, ku CCJP ya Akatolika, ku WOLREC ndi mabungwe ena oona za amayi ndi ana. M'maofesi a maloya, m'makampani, m'makhoti. Ena amakhala amajisitireti, ena amapitiriza sukulu mpaka digiri n'kukhala maloya, ndipo amakhala maloya abwino chifukwa anayamba aona ndende ndi maso awo. Sindikubisirani: malipiro ake si olemeretsa, ndipo ntchito zambiri za m'mabungwe zimatha thandizo la akunja likatha. Amene akufuna galimoto msanga asankhe njira ina.

Koma musaganize kuti ntchito ya malipiro ochepa ndi yopepuka. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Khoti Lalikulu linagamula kuti si zoona kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingolamulidwa kuphedwa popanda kumva mbiri yake. Pamene akaidi oposa 150 anayamba kumvedwanso kuyambira mu 2015, panafunika anthu oti apite kumidzi, akapeze abale, mafumu ndi anansi amene ankakumbukira zimene zinachitika zaka zambiri m'mbuyomo. Anayenda maulendo amenewo ndi maparalegal, pabasi, panjinga, ena wapansi. Umboni umene anabwera nawo ndi umene maloya anaimirira nawo m'khoti, ndipo anthu ambiri anabwerera kwawo ali moyo.

Ine ndinalakwapo, ndipo ndikuuzani kuti inu musadzabwereze. Ndili wachinyamata, mayi wina anandigwira mkono akulira chifukwa cha mwana wake. Pofuna kumutonthoza ndinati, "Mayi, Lachisanu atuluka." Mayiyo anagulitsa nkhuku zake kuti apeze ya basi, anafika m'mamawa atanyamula zovala za mwanayo. Khoti silinakhale tsiku limenelo. Nkhope yake ndimaionabe. Kuyambira pamenepo sindinalonjezenso chimene sichili m'manja mwanga. Uzani munthu zoona, ngakhale zowawa: zimene lamulo likunena, zimene inu muchite, ndi zimene zili m'manja mwa woweruza.

Msampha wina ndi ndalama. Pakhomo la khoti ndi la polisi pamayendayenda madobadoba, onamiza anthu kuti akapereka kangachepe fayilo iyenda. Tsiku lina wina adzakupatsirani envulopu, kapena nkhuku, kapena thumba la mtedza, n'kunena kuti nzothokoza chabe. Kanani mwaulemu. Mukalandira kamodzi, mudzi wonse udzadziwa kuti thandizo lanu lili ndi mtengo, ndipo wosauka weniweni sadzabweranso. Sunganinso chinsinsi. Zimene mayi wakuuzani za m'nyumba mwake zisamveke pachigayo kapena pa WhatsApp. Lemekezani apolisi ndi oyang'anira ndende, pakuti ambiri akugwira ntchito movutika ngati inu nomwe, ndipo fayilo imayenda ndi ulemu kuposa ndi mkangano. Lemekezani mafumu ndi ankhoswe, amene akhala akuyanjanitsa anthu kuyambira kale. Mkangano wa malire a munda ukatha pansi pa mtengo, anthu amapitiriza kupemphana moto. Koma nkhani ya kugwirira mwana kapena kuvulaza mkazi musalole kuti ithere pa chindapusa cha mbuzi. Imeneyo ndi ya kupolisi.

Ndiye mukadzabweranso, ana anga, musadzati "ndingochita". Pitani kaye Lolemba m'mawa kukhoti la kwanuko, mukakhale kumbuyo mpaka masana. Mukaone anthu akutsika m'galimoto ya apolisi, ena opanda nsapato, akufunsidwa ngati akuvomera mlandu umene sanaumvetse. Mukatuluka mtima uli zii, fufuzani ntchito ina, palibe cholakwa. Koma mukatuluka mukufuna kudziwa dzina la mmodzi wa anthu aja ndi kumene fayilo yake yagona, bwerani mudzanditengere mpando pakhonde, tidzayambire pa gawo 42.