Utsi wa M'komboni: Timadziteteza Chifukwa cha Mantha Kapena Thumba?

Mutu wa mtsutso uno ndi wakuti: "Anthu a m'makomboni a Lusaka akadziwa kuopsa kwa utsi ndi fumbi, adzadziteteza okha." Ovomereza ndi mayi wa ku Matero amene anagwirapo ntchito ya unamwino. Otsutsa ndi alamu awo, bambo wogulitsa malasha ku Kanyama.

OVOMEREZA: Alamu, munthu amathawa chimene akuchiopa. Kolera itabuka mu Okutobala 2023, inapha anthu oposa 700 m'dziko muno. Bwalo la mpira la National Heroes linasanduka chipatala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Ndani anakakamiza amayi a ku George ndi ku Chawama kuwiritsa madzi? Anaona maliro ndi maso awo. Utsi nawo umapha, koma mwakachetechete. Bungwe la WHO linati mu 2020 anthu oposa 3 miliyoni padziko lonse anafa ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba: chibayo, matenda a mtima, sitiroko. Tiwauze anthu zimenezi mosabisa, adzasintha.

OTSUTSA: Mwanena bwino, alamu, koma mwasiya theka la nkhani. Pa kolera ija, boma ndi mabungwe anabwera ndi kolorini, katemera ndi mathanki a madzi. Mantha anapeza chogwira. Nanga mayi woopa utsi mwamupatsa chiyani? Mu 2024 chilala chinachepetsa kwambiri madzi ku damu la Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku. Ngakhale a kumayadi, eni ake masitovu, ankafola pa malasha anga. Kodi iwowo sadziwa za utsi? Amadziwa, koma nsima siyembekezera magetsi.

OVOMEREZA: Si chitetezo chonse chimalira ndalama. Kutulutsa mbaula panja n'zingati? Kuyatsa moto ndi tinkhuni m'malo mwa mapulasitiki n'zingati? Mu Juni ndi Julaye anthu amalowetsa mbaula m'chipinda, n'kutseka chitseko ndi mazenera. Malasha amatulutsa mpweya wopanda fungo, wosaoneka, umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Munthu amayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo tosadzukanso. Chakudza sichiimba ng'oma. Apa umphawi ulibe mlandu. Wolakwa ndi wodziwa amene sachenjeza mnzake.

OTSUTSA: Za mbaula m'chipinda sinditsutsa, ndipo ogula anga ndimawauza. Koma mpweya suli ngati madzi oti uwiritse m'poto mwako. Iwe ungaphikire panja, mnansi wako akutentha zinyalala ndi matewera kuseri kwa mpanda, chifukwa alibe ndalama yolipira otola zinyalala. Inu a ku Matero mumaudziwa utsi wa kudzala la ku Chunga. Mphepo ya mu Ogasiti ikadzutsa fumbi m'misewu yopanda phula ya ku Kanyama, khanda lithawire kuti? Mayi woswa miyala m'mbali mwa msewu amapuma fumbi tsiku lonse kuti ana adye. Kumuopseza popanda kumupatsa njira ndi kumusenzetsa katundu wachiwiri. Akamva kawiri katatu, makutu amagontha.

OVOMEREZA: Ndiye tikhale chete mpaka boma litakonza zonse? Onani Kabwe. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likulowabe m'magazi a ana. Makolo ena anayamba kusamala ndi komwe ana amasewera atamva zotsatira za magazi a ana awo. Wosadziwa safunsa, ndipo wosafunsa sayankhidwa. Lamulo loteteza chilengedwe la 2011 lilipo, bungwe loona za chilengedwe la ZEMA liliko, makhansala tili nawo. Angagwedezeke bwanji ngati m'komboni palibe wodandaula?

OTSUTSA: Apo mwayandikira kwa ine. Onani kuti makolowo sanadziopere okha, anaopera ana. Bambo angatsokomole chaka chonse akuti n'chimfine, koma mwana akabanika usiku umodzi, mbaula imatuluka m'nyumba. Chachiwiri ndi maso a anansi. Nthawi ya Covid anthu ankavala zotchinga pamphuno chifukwa m'minibasi ndi m'mashopu sunkalowa wopanda. Zitasiya kufunsidwa, zinabwerera m'thumba.

OVOMEREZA: Ndiye tiyambire pa ana. Kusikelo ndi kumipingo tizinena za chifuwa cha mwana, osati ziwerengero zokha.

OTSUTSA: Nenani, alamu. Ine ndidzawonjeza mawu anga pa thumba lililonse la malasha limene ndigulitsa. Koma mukapita kwa khansala, mukafunse za galimoto ya zinyalala ndi mtengo wa gasi. Mukabwerako ndi yankho, ndidzavomera kuti mwapambana.