Kodi Wopambana Alembenso Mayeso?

Ku Kabwata, mu mzinda wa Lusaka, kunali mnyamata wina amene analemba mayeso a Giredi 12 napeza mapointi 8. Pa mayeso amenewa ciwerengero cake ncotere: pa phunziro liri lonse 1 ndiye woposa, 9 ndiye wolephera, ndipo akaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana anakhoza bwino koposa, wocepa mapointi ndiye wapambana. Wopeza 6 wafika pamwamba peni peni. Motero 8 ndi ulemu waukuru, ndipo khomo la maphunziro a uphunzitsi, amene mnyamatayo anawakhumba kuyambira ubwana wace, linali lotseguka.

Koma iye sanakondwe. Anamva kuti mnzace wa ku Kabulonga anapeza 6, ndipo mtima wace unawawa. Tsono anapita kwa atate wace nati, “Bambo, ndifuna kulembanso mayeso a G.C.E. kuti ndicotse mapointi awiriwo.” Atatewo, amene anali mlembi wa malipiro ocepa, anakhala cete kanthawi, nafunsa kuti, “Mwana wanga, kodi pali khomo limene lakukanika kulowa?” Mnyamatayo anasowa poyankha.

Funso la nkhalambayo ndilo mutu wa nkhani yonse. Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu mu 1964, anthu ace otsiriza maphunziro a ukacenjede anali pafupifupi 100 okha, ndipo University of Zambia inatsegulidwa mu 1966. Masiku amenewo munthu wa setifiketi anali wosowa, ndipo nchito inkamfunafuna. Lero olemba mayeso acuruka koposa, malo ndi ocepa, ndipo pa maphunziro ena, monga a udotolo, pointi imodzi ikhoza kumtsekereza munthu kunja. Cifukwa cace sikuyenera kunyoza onse obwereza. Mtsikana wa ku Chelstone amene afunitsitsa kuciritsa odwala, koma anapunthwa pa masamu, acita bwino akalembanso. Iyeyo adziwa khomo limene afuna, ndipo kupirira kwace nkwa nzeru, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Koma mnyamata wa ku Kabwata sali wotero. Mapointi ali ngati mfungulo: ikatsegula citseko, nchito yace yatha, ndipo mwini nyumba sakhala pakhonde caka cathunthu kuipukuta kuti iwale kuposa ya mnansi wace. Cimene cimvuta mnyamatayo si kusowa njira ai, koma nsanje yobvala malaya a khama.

Ena adzati, nanga kufuna zoposa nkulakwa kodi? Iai. Koma kulembanso kuli ndi mtengo wace, ndipo si mnyamata yekha amene aulipira. Pali ndalama za mayeso, za aphunzitsi apadera ndi za basi yopita m’tauni, zimene zicokera m’thumba limodzi lomwe ligula ufa ndi nsapato za alongo ace. Palinso miyezi yambiri imene sidzabwerera, ndi ana a sukulu ina amene adzamlindira mphunzitsi wao caka cina. Ndiponso mayeso sapangana ndi munthu. Wobwereza akhoza kutsika m’malo mokwera. Akuru anati, ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Coipa coposa ncakuti mtima wozolowera kudziyesa ndi mnansi supumula. Akapeza 6, adzamva za wina wa ku Woodlands amene anapita kukaphunzira kutsidya kwa nyanja, ndipo njala yace idzauka monga kale.

Cotero wopambana asanalipire ndalama za mayeso acite adzifunse yekha moona mtima: kodi afuna kulowa pa khomo lotsekeka, kapena afuna kungotamandidwa? Ngati khomo latsekeka, alembenso mopanda manyazi. Ngati liri lotseguka, alowe, ayambe kuphunzira nchito imene anthu a kwao adzadya zipatso zace.