MAWU A SABATA INO: Luso limene mwatuluka nalo mu ofesi

Werengani: Eksodo 35:30-35, Luka 14:28-30, Machitidwe 18:1-3, 2 Timoteo 2:2

 

Mawu a sabata ino ndi anu inu amene mwagwira nchito m'kampani, m'banki kapena mu ofesi zaka zambiri, ndipo manje mtima ukukuuzani kuti yakwana nthawi yoyamba bizinesi yanu. Ndi anunso inu amene munachoka kale, kaya mwakufuna kwanu, kaya nchito inangotha chabe.

Mu Eksodo 35, Mose akutchula Bezaleli wa fuko la Yuda. Mulungu anamudzaza ndi Mzimu wake kuti adziwe kusula golide, siliva ndi mkuwa, kusema miyala ndi matabwa. Mwamva? Mzimu yemweyo amene timamuitana pa overnight ndiye anapatsa munthu luso la manja. Ndiye onani vesi 34, imene ambiri timaidumpha: Mulungu anaika mumtima mwa Bezaleli ndi mnzake Oholiabu kuti aziphunzitsa ena. Luso ndi mtima wophunzitsa zinabwera m'thumba limodzi.

M'bale wanga, munthu akatuluka mu ofesi amayang'ana ndalama zimene walandira. Kuyambira 2023, lamulo limalola membala wa NAPSA amene wasonkha miyezi 60, kapena wafika zaka 45, kutapa 20 peresenti ya zosonkha zake kamodzi. Ndi thandizo ndithu. Koma ndalama zimenezo zikalowa m'nyumba, maliro, fizi ndi lendi zimazimva fungo. Chimene sichitha ndi chimene chili m'mutu mwanu. Inu mumadziwa kulemba bajeti. Mumadziwa kuwerenga kontrakiti musanasaine. Mumadziwa kusunga malisiti, kufika pa nthawi, ndi kulankhula ndi kasitomala wokwiya. Abwana anakuphunzitsani kuti mupindulitse kampani, koma Mulungu anali kukonzeratu mpamba wanu weniweni.

Musanalembe kalata yosiya nchito, mverani Ambuye Yesu pa Luka 14. Anafunsa za munthu wofuna kumanga nsanja, ngati sayamba wakhala pansi kuwerengera mtengo wake. Ulosi ulandireni ndi manja awiri, koma mukafika kunyumba tengani kope ndi cholembera. Mukufuna kuweta nkhuku za nyama? Zimatenga masabata pafupifupi 6. Lembani mtengo wa anapiye, chakudya, katemera, malasha ofunditsira malaiti akapita, ndi transipoti yopita ku Soweto Market. Lembaninso kuti zina zidzafa. Mukufuna dimba la tomato? Kumbukirani chilala cha 2024, ndipo mudzifunse kuti madzi adzachokera kuti mu Okutobala. Banja lidzadya chiyani miyezi imene bizinesi isanayambe kubweza? Kambiranani ndi amayi kunyumba, kapena abambo. Kuwerengera ndi kumvera Yesu, ndipo kumakupulumutsani kwa a kaloba.

Manje tibwere pa vesi 34 ija. Mu 2022 boma linakweza CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse. M'ndalamazo muli zolipirira achinyamata maphunziro a luso, komanso zothandiza magulu a achinyamata ndi amayi kuyamba bizinesi. Ana athu akuphunzira ukalipentala, kusoka ndi kuwotcherera zitsulo m'masukulu a pansi pa TEVETA. Ena akumaliza pa Chalimbana University pompano. Setifiketi ali nayo. Koma mwana akagulitsa bedi lake loyamba, ndani adzamuuze kuti ndalama yonse ili m'manja mwakeyo si phindu? Ndani adzamuonetse kuchotsa mtengo wa matabwa, misomali ndi thukuta lake? Ndani adzamuperekeze ku PACRA kukalembetsa dzina la bizinesi, ndi ku ZRA kukatenga TPIN? Inu munazichita zimenezi zaka 10, zaka 20. Kwa inu ndi zazing'ono. Kwa iye ndi mpanda umene sangaudumphe yekha.

Mtumwi Paulo ku Korinto ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila. Ku Efeso anaphunzitsa zaka ziwiri m'sukulu ya Turano, ndipo potsazika akulu a mpingowo anawakumbutsa kuti manja ake ndiwo ankamudyetsa iye ndi anzake. Ophunzira ake anamumva akulankhula, anamuonanso akugwira nchito.

Mwina mukuti, "Abusa, ndikamuphunzitsa adzanditengera makasitomala." Paulo anauza Timoteo kuti zimene anamva azipereke kwa anthu okhulupirika, amene adzaphunzitsenso ena. Tawerengani: Paulo, Timoteo, okhulupirika aja, ndi enanso. Mibadwo inayi m'vesi imodzi! Mwana amene mwamuphunzitsa lero, mawa ndiye adzakupatseni oda yoposa mphamvu zake. Amene mwamumana adzakhalabe pa geti panu kupempha ya transipoti.

ZOCHITA SABATA INO
1. Lembani maluso asanu amene munaphunzira ku nchito.
2. Sankhani achinyamata awiri kapena atatu, mu cell group yanu kapena pa sukulu yapafupi. Ngati ndi ana a sukulu, yambani mwapempha makolo ndi ahedi.
3. Apatseni ola limodzi Loweruka lililonse. Yambani ndi izi: kulemba zolowa ndi zotuluka tsiku ndi tsiku, kuika mtengo pa katundu, ndi kulekanitsa ndalama ya bizinesi ndi ya ndiwo.
4. Aonetseni kope lanu lenileni, ngakhale mwezi umene simunapindule. M'mera mpoyamba.

TIPEMPHERE
Atate, zikomo chifukwa cha zaka zimene ndinagwirira ena nchito. Palibe chaka chinatayika. Ndipatseni nzeru yowerengera ndisanayambe, ndi mtima wa Bezaleli wophunzitsa. Ndionetseni mwana amene akudikira chimene ndikudziwa. Dalitsani nchito ya manja athu mu Chongwe muno. M'dzina la Yesu, Amen!

Tumizani uthengawu kwa m'bale amene akuganiza zosiya nchito. Tionana pa Sande.