Madzi ambiri sadetsedwa, eti?



Amene tinadutsa ku madrasa tikukumbukira phunziro la twahara. Mwalimu wathu ankatilowezetsa zinthu zitatu zoyang'ana pa madzi tisanachite udhu: mtundu, fungo ndi kakomedwe. Madzi akakhala ochepa, najisi ikangogweramo ndiye kuti atha ntchito. Akakhala ambiri, okwana ma qulla awiri, omwe ndi pafupifupi diramu la malita 200, najisi siiwadetsa pokhapokha chimodzi mwa zitatu zija chitasintha. Ine ndili mwana ndinatolapo phunziro lomwe mwalimu sanaphunzitse. Ndinangoti basi, mtsinje ndi waukulu, umameza chilichonse.

Holide yapitayi ndili kumudzi kuno ku Ntcheu, ndinapeza msuweni wanga akutsuka sipuleya m'kamtsinje ka kuseri kwa dimba, atangomaliza kupopera tomato. Nditamufunsa anaseka, nkuti: "Achimwene, timankhwala totsalira iti tingaphe Shire?" Ndinasowa choyankha, chifukwa sananame. Sipuleya imodzi siingasinthe mtundu, fungo kapena kakomedwe ka Shire. Ndiye funso lomwe landisowetsa mtendere ndi ili: choipa chikagawika pakati pa anthu zikwizikwi, gawo la aliyense nkuchepa mpaka osaoneka, mlandu wake ndi wa ndani?

Tiyambe ndi komwe madzi athu amapita. Rivirivi amayambira m'mapiri a konkuno, nkudutsa ku Balaka, nkukathira mu Shire kumunsi kwa Liwonde. Livulezi ndi Bwanje amalowera kunyanja, koma nyanja ya Malawi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, ndipo khomolo ndi Shire yemweyo, ku Mangochi. Kulikonse tingataye, pamapeto pake ndi mu Shire. Mtsinjewu ndi wautali makilomita pafupifupi 400 mpaka kukakumana ndi Zambezi ku Mozambique. M'njiramo muli Walker's Ferry, pomwe Blantyre Water Board imapopa madzi ambiri omwe anthu a mu Blantyre amamwa. Muli Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe EGENCO imapanga magetsi omwe tikutchajira foni zomwe tikuwerengerapo izi. Dothi lokokoloka m'minda ya m'mapiri limakadzaza madamu a kumeneko, ndipo feteleza wokokoloka amanenepetsa namasupuni yemwe amatseka makina. Magetsi akazima timatukwana, osadziwa kuti mwina m'matope aja muli ndi dothi la munda wa kwathu.

Apa mpomwe ndinayamba kumvetsa ntchito ya anthu oyeza madzi. Kale ndinkaiona ngati ntchito yogonetsa tulo. Munthu amapita pamalo amodzimodzi, nkutunga madzi m'botolo loyera, m'dzinja ndi m'chilimwe, chaka ndi chaka. Amayeza kuchuluka kwa matope, pH, mchere wosungunuka, nitrate wochokera ku feteleza ndi zimbudzi, komanso tizilombo ta E. coli, tomwe timasonyeza kuti m'madzimo mwalowa chimbudzi. Botolo loyezera tizilombo liyenera kusungidwa pozizira ndi kufika ku labu msanga, apo ayi zotsatira zake ndi zabodza. Bungwe la WHO limati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke E. coli ngakhale mmodzi. Koma madzi okhala ndi tizilomboti amatha kukhala oyera mbee, opanda fungo, okoma bwinobwino. Kolera yemwe anayamba mu 2022 nkupha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno sankabwera ndi mtundu wake m'ndowa.

Ndisamveke molakwika. Sindikuti phunziro la ku madrasa linali lolakwa. Lija limayankha funso lakuti kodi madzi awa ndingachitire udhu lero. Silinabwere kudzayankha ngati madziwo ali abwino kumwetsa khanda, kapena ngati mtsinjewu uli bwino kuposa mmene unalili zaka 20 zapitazo. Diso, mphuno ndi lilime zimadziwa za lero basi. Choipa chobwera pang'onopang'ono sizichigwira, chifukwa chaka chilichonse timazolowera zomwe tapeza. Agogo anga amati Rivirivi anali ndi maiwe akuya oti mwana samayandikira. Ine ndinapeza mchenga, ndipo kwa ine mchengawo ndiye mtsinje. Mwana wanga adzapeza zoposa apa, nayenso adzati ndi mmene zimakhalira.

Muyeso umodzi sunena zambiri. Mukayeza tsiku lotsatira mvula yamphamvu mupeza matope okhaokha, mukayeza mu Okutobala madzi ndi ochepa ndipo mchere wakwera. Koma miyeso ya zaka zambiri, pamalo omwewo, mwa njira yomweyo, imakumbukira zomwe anthu aiwala. Ndi angati mwa ife akudziwa kuti kuyambira cha m'ma 1915, kwa zaka pafupifupi 20, nyanja inatsika mpaka madzi analeka kutulukira mu Shire? Tikuzidziwa chifukwa panali anthu omwe ankalemba msinkhu wa nyanja, osadziwa kuti adzawerenga ndi ndani. Ife a ku Ntcheu tinaona zathu mu 2018, damu la Mpira litauma, mipopi ya kuno ndi ku Balaka nkungotulutsa mphepo. Mvula inavuta, inde. Koma mitengo ya m'nkhalango ya Mvai siinathe usiku umodzi. Inatha thumba limodzi la makala pa nthawi, ndipo aliyense wowotcha akanatha kufunsa funso la msuweni wanga lija.

Ndiye ine ndafika poganiza chonchi. Kuchepa kwa gawo langa kumandibisa kwa anthu, koma sikuchotsa gawolo. Matope a ku Nkula alibe mwini wina, ndi magawo ang'onoang'ono ophatikizana basi. Ngati aliyense alibe mlandu, ndiye kuti damu linadzaza lokha, zomwe tonse tikudziwa kuti nzabodza. Mutu umodzi susenza denga, timatero, koma chiswe chogwetsa dengalo nachonso sichikhala chimodzi.

Pali mbali ina yomwe sindifuna kuizemba. Nkosavuta kwa ine, wodya ndalama ya fizi yochokera ku dimba lomwelo, kuloza chala msuweni wanga. Amalima m'mphepete mwa mtsinje chifukwa mpomwe pali chinyezi, ndipo ana ayenera kudya. Mayi wogulitsa makala pa M1 sadana ndi mitengo. Komanso magawo safanana: fakitale yotayira zoipa mumtsinje ndi mlimi wa sipuleya imodzi sangaimbidwe mlandu wofanana. Koma taonani, chomwe chingasiyanitse awiriwa ndi muyeso womwewo. Popanda manambala oyezedwa kumtunda ndi kumunsi kwa paipi ya fakitale, mwini fakitale nayenso amangoti mtsinje ndi waukulu, ndipo mlandu wonse umagwera wosauka chifukwa ndi amene amaoneka ndi thumba pamutu. Kuyeza madzi moona kumateteza wofooka.

Nchifukwa chake ndimamuona woyeza madzi ngati mboni. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority kuti iziyang'anira madzi a dziko lino, koma lamulo silitunga madzi m'botolo. Amatunga ndi munthu, nthawi zambiri ali yekha, popanda womuona. Tsiku lomwe mafuta a njinga yamoto asowa, akhoza kukhala pansi pa mtengo nkulemba nambala yofanana ndi ya mwezi watha. Palibe angamugwire. Komatu nambala imeneyo idzagwiritsidwa ntchito zaka 30 zikubwerazi ndi munthu yemwe sanabadwe, poganiza zomanga damu kapena kutseka chitsime. Amana yoteroyo ndi yolemera, chifukwa mwini wake sangabwere kudzafunsa. Enafe tikuphunzira zomwezi ku koleji, ndipo botolo lija lidzakhala m'manja mwathu. Kusiya mpata wopanda kanthu m'kaundula nkulemba kuti "sindinapite" kumachititsa manyazi pamaso pa bwana, koma ndi umboni woona.

Msuweni wanga sindinamugonjetse pa mtsutso. Tinangogwirizana kuti madzi otsukira sipuleya aziwathira m'dzenje, kutali ndi mtsinje ndi chitsime. Dzenjelo tinakumba limodzi Loweruka, iye akundiseka kuti manja a ku yunivesite sadziwa khasu. Pochoka anandifunsa ngati pali amene amayezako kamtsinje kathu kaja. Ndamulonjeza kuti ndikabwerera kusukulu ndikafunsa aphunzitsi athu ngati tingatengeko botolo limodzi m'dzinja lino, lina mu Okutobala, Insha Allah.