Kodi chiwongoladzanja cha banki mkhonde ndi tchimo?

M'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi, kuyambira kwa Chiwere ndi kwa Msakambewa mpaka kwa Malomo ndi kwa Nthondo, banki imene munthu wamba amaidziwa ndi ya pamphasa: anthu 15 kapena 25, ambiri mwa iwo amayi, bokosi la maloko atatu, ndi kope lolembamo masheya. Njirayi idayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger m'chaka cha 1991, ndipo kuno idafika n'kukhazikika ndi dzina loti banki mkhonde. Yakhomera anthu malata, yalipira fizi, yagula feteleza. Koma amayi amene amawerengera ndalama pamphasapo ndi omwewonso amavala yunifolomu ya Chigwirizano kapena ya Amayi Achikatolika, ndipo ambiri funso limawavuta mumtima ngakhale salitchula: ngati Malemba amadzudzula kukongoza mwa phindu, nanga 20 peresenti ya pamwezi imene timalipiritsana ife tomwe ndi chiyani? Ndikuti chiwongoladzanja pachokha si tchimo. Chimasanduka tchimo chikatengedwa kwa munthu amene wakongola chifukwa cha njala kapena matenda, ndipo magulu ambiri adalumpha kale malire amenewa osazindikira.

Tiyambe ndi amene amati chiwongoladzanja chilichonse n'choletsedwa. Sakulankhula zopanda mutu. Eksodo 22, Levitiko 25 ndi Deuteronomo 23 onse ali ndi lamulo loletsa kulipiritsa m'bale chiwongoladzanja, Asilamu amaletsa riba mpaka lero, ndipo kwa zaka mazana ambiri mpingo wa ku Ulaya udatsata maganizo a Aristotle ndi Thomas Aquinas oti ndalama siziyenera kubala ndalama zinzake. Koma tiyang'anitsitse wokongola amene Eksodo ndi Levitiko akumuteteza. Ndi m'bale wosauka, amene zinthu zamuthera. Mu Nehemiya 5, anthu amene akulira adapinyolitsa minda yawo kuti apeze chakudya m'nyengo ya njala ndi ndalama za msonkho, mpaka ana awo kugwidwa ukapolo. Pamenepo palibe wamalonda wofuna mpamba. John Calvin adaona kusiyana kumeneku m'kalata yake ya 1545: adalola chiwongoladzanja pa ngongole yochitira malonda, koma adakana kuti chitengedwe kwa osauka, ndipo adati wokongola naye apindule mofanana kapena koposa wokongoza. Nkhaniyi si yachilendo kwa ife, poti mpingo umene udafika pa Mvera mu 1889 ndi pa Kongwe mu 1894 udachokera ku chiphunzitso chomwecho, ndipo Katekisma wa Heidelberg wa 1563, pofotokoza lamulo loletsa kuba, amaika katapila pamodzi ndi sikelo zachinyengo.

Palinso chifukwa china chimene aliyense wogula sopo ndi mchere akuchidziwa. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mayi amene adaika ndalama m'bokosi kumayambiriro kwa chaka n'kulandira zomwezo kumapeto, adalandira mapepala ofanana koma zogula nazo zidachepa. Kumuuza kuti akongoze mnzake wa geni popanda kanthu kapamwamba ndi kumuuza kuti alipire phindu la mnzakeyo kuchokera m'thumba mwake. Chilungamo sichifuna zimenezo.

Vuto limabwera tikafunsa kuti ndalamazo zikukachita chiyani. Mayi wogulitsa tomato pa Chezi kapena mandasi pa Madisi amatembenuza mpamba wake sabata iliyonse. Akakongola K50,000 n'kubweza K60,000 pakutha kwa mwezi, mwina atsala ndi kanthu. Mlimi wa soya kapena mtedza ayi. Iye amabzala mu Disembala n'kugulitsa mu Epulo kapena Meyi, ndipo K10,000 ya mwezi uliwonse pa miyezi isanu ikufika K50,000, ndiye kuti ngongole yawirikiza kawiri asanakumane n'komwe ndi sikelo ya venda. Nanga amene wakongola mu Febuluwale, nkhokwe itauma, kuti agule chimanga kapena atengere mwana ku chipatala cha pa Boma? Chimangacho chadyedwa, mwana wachira kapena ayi, koma palibe phindu limene labadwa loti agaweko. Chiwongoladzanja chimene gulu limulipiritsa chichokera pa mbuzi yake, pa malata a nyumba yake, kapena kwa wakatapila amene athamangireko kuti asachite manyazi pamaso pa anzake. Ameneyu ndiye m'bale uja wa mu Levitiko, ndipo amene akumudyera ndi oyimba naye kwaya imodzi.

Otsutsa anena kuti banki mkhonde si katapila, chifukwa phindu lonse limabwerera kwa mamembala tsiku logawana. Ichi n'choona, ndipo ndicho chimachititsa njirayi kuposa wobwereketsa wa pa tawuni amene amalanda khadi la ATM la mphunzitsi. Koma phindulo silibwerera kwa onse mofanana. Limagawidwa potsata masheya. Amene ankagula masheya asanu sabata iliyonse amatenga gawo lowirikiza kasanu la amene ankagula imodzi. Tsono yemwe amakwanitsa asanu nthawi zambiri ndi mkazi wa mwini golosale kapena wa mlimi wa fodya, ndipo amene amakongola mwakakasi m'miyezi ya njala ndi wa sheya imodzi uja. Ndalama zikuyenda kuchoka kwa wochepekedwa kupita kwa wopezako bwino, kungoti zikudutsira m'bokosi la onse, choncho palibe amene akudziona ngati wolakwa. Choipitsitsa ndi lamulo limene magulu ena adadziikira loti membala aliyense akongole, afune asafune, kuti bokosi lisagone ndi ndalama. Apa cholinga chatembenuka: gulu lidakhazikitsidwa kuti lithandize munthu kusunga, tsopano munthu akusungidwa kuti abalire gulu phindu.

Ena ati palibe adamukakamiza, adavomera yekha malamulo a gulu, adadindanso chala. Kuvomera kumakhala ndi tanthauzo pamene munthu ali ndi mpata wokana. Esau naye adavomera kugulitsa ukulu wake chifukwa cha mphodza, koma sitiphunzitsa ana ku Sande Sukulu kuti azichita malonda ngati Yakobo. Mayi amene ana ake agona ndi njala masiku awiri adzadinda chala pa pepala lililonse. Ngakhale malamulo a dziko amadziwa zimenezi: Loans Recovery Act imalola khoti kuunikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake n'chankhanza, ngakhale wokongola adasaina. Ngati khoti la boma likhoza kuona kupitirira siginecha, chikumbumtima cha Mkhristu sichingabisale kuseri kwa chidindo cha chala.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi chakuti bokosi si mpingo kapena boma. Mukatsegula khomo la ngongole zopanda chiwongoladzanja, aliyense adzati mwana wadwala, bokosi lidzauma, ndipo osauka omwewo adzasowa kothawira. Mantha amenewa ndi oona, ndipo magulu amene adagwa chifukwa cha chifundo chopanda kaundula alipo. Koma yankho lili kale m'dongosolo la banki mkhonde. Pambali pa masheya pamakhala thumba la zadzidzidzi, limene aliyense amaponyamo ndalama yofanana kuti lithandize pa maliro, matenda ndi ngozi. M'magulu ambiri thumbali lidangotsala dzina, ndalama yake siikwana ngakhale kulipira kabaza wopita kuchipatala, chifukwa mtima wonse uli pa tsiku logawana. Likulitsidwe. Gulu ligwirizane kuti gawo lina la chiwongoladzanja cha amalonda lizilowa m'thumbamo, likhale ndi malire a ndalama imene munthu mmodzi angatenge, ndipo wotengayo abweze mpamba wokha akakolola. Pankhani yonama, m'mudzi anthu amadziwana. Nyumba imene utsi sunafuke dzulo imadziwika popanda kafukufuku. Makolo ankati kupatsa n'kuika, ndipo amene ali ndi masheya asanu chaka chino sadziwa ngati fodya wake sadzabwezedwa ku okushoni chaka chamawa.

Kwa wokongola, funso loyenera kudzifunsa asanatambasule dzanja ndi limodzi: kodi ndalamazi zibala zina tsiku lobweza lisanafike? Ngati ndi za feteleza, awerengere miyezi yonse mpaka kukolola, osati mwezi woyamba wokha. Ngati ndi za chitenje cha ukwati kapena foni yatsopano, adikire tsiku logawana. Ngati ndi za chakudya kapena mankhwala, asachite manyazi kupempha za m'thumba la zadzidzidzi, poti adaponyamo yekha.

Abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi atsogoleri a Chigwirizano ku Dowa ndi Ntchisi amalalikira za chakhumi kawirikawiri, koma za malamulo a mabokosi amene nkhosa zawo zikuyendetsa sizimveka paguwa. Pamene magulu akulemba malamulo a chaka chatsopano akatha kugawana, atsogoleriwa akhale nawo pamphasa ndi kupempha zinthu zitatu: lamulo lokakamiza kukongola lichotsedwe, ngongole ya njala ndi matenda isakhale ndi chiwongoladzanja, ndipo pasapezeke gulu lopita kukasasula malata pa nyumba ya membala mnzawo.